Phazi Lisagunde Pansi

Beira, 4 Meyi 2003

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Namuinho. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito kuchipatala yachuluka chifukwa anzathu awiri ali patchuthi. Kodi mpunga mwayamba kumweta? Nanga chifuwa cha Amayi chija chinatha?

Nkhani ndi iyi. Ine ndi Zacarias tagwirizana ndi ansembe a ku Coalane kuti ukwati ukhale Loweruka pa 16 Ogasiti. Tidzafika kumeneko Lachinayi la sabata yomweyo.

Akwawo kwa Zacarias anati abwereka galimoto yoyera yodzanditenga pakhomo. Ndakana. Ndawauza kuti ine ndine mwana wa kabaza wa pa siteji ya kumsika, ndipo pa siteji yathu mwana wamkazi amapita ku ukwati wake atakhala pa kaliyala ya bambo ake, akabaza onse ali pambuyo akuliza mabelu. Ndinawafotokozeranso lamulo lake, kuti kuchokera kunyumba mpaka pakhomo la tchalitchi phazi la bambo lisagunde pansi. Likagunda, mkwatibwi amatsika n'kukwera njinga ya m'bale wa bambo ake, amene amayenda kumbuyo kwawo kaliyala ili yopanda munthu. Apongozi anga anaseka, akuti kwanu ku Quelimane ngakhale ukwati ndi mpikisano.

Ababa, zaka zitatu zapitazo ndinaona Filomena wa a Sulemane akupita choncho, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimoto sindinaifunenso. Mudzanditenga?

Mupereke moni kwa bambo aang'ono a Amândio. Muyankhe kudzera kwa dalaivala wa lole yemweyu, amabwerera kuno Lachisanu.

Mwana wanu,
Benvinda

Namuinho, 18 Meyi 2003

Mwana wanga Benvinda,

Moni. Tili bwino. Chifuwa cha amayi ako chinatha. Mpunga tamweta theka, theka linalo zamweta mbalame.

Funso lakolo silofunsa. Ndidzakutenga. Ndapalasa njinga zaka makumi anayi, poyamba ndi kokonati, tsopano ndi anthu, ndipo palibe amene ndinamugwetsapo.

Kalata yako ndinaiwerenga mokweza pa siteji. Onse anawomba m'manja kupatula bambo ako aang'ono. Iyeyo anandiyang'ana m'maondo, kenaka anafunsa a Sulemane, tcheyamani wathu, ngati alipo bambo wa zaka 66 amene anafikapo ku Coalane osatsitsa phazi, makamaka pa mchenga wa pa kamlatho paja. A Sulemane anati palibe anayesapo. Amândio anangoti, "Ndiye ine ndizipoperatu matayala." Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Tsopano undiuze zoona, usabise kanthu kwa bambo ako. Uli ndi makilo angati? Ndikufuna a lero, osati a chaka chatha. Ndipo pofika Ogasiti adzakhala atawonjezekera bwanji? Amayi ako akuti mkazi safunsidwa zimenezi, koma ine ndili ndi chifukwa changa.

Umuuze Zacarias kuti galimoto yoyerayo adzakweremo yekha.

Bambo ako,
Gervásio

Beira, 1 Juni 2003

Bambo aang'ono,

Moni wa ulemu. Muli bwanji, nanga msana uja? Nkhuku zanu zinapulumuka chitopa?

Ndikulembera inu nokha, ndipo mumva chifukwa chake. Ababa andifunsa makilo anga, ndiponso kuti pofika Ogasiti ndidzakhala nditalemera bwanji. Ndinalira masiku awiri. Ndinaganiza kuti akundiyesa woyembekezera, kuti ukwatiwu tikuufulumizitsa pofuna kubisa mimba. Mpaka ndinakalipira Zacarias, munthu wosalakwa. Amene anandimasula ndi dalaivala wonyamula makalatayu. Akuti anawaona pa msewu wa ku Zalala dzuwa lili paliwombo, atamanga thumba la mpunga pa kaliyala, atalikhazika chammbali ngati mkazi, akulankhula nalo. Muwauze kuti makilo ndi 58, ndipo sawonjezekera.

Koma tsopano ndili ndi mantha. Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito m'chipinda chowongolera ziwalo za anthu ovulala. Muli dokotala wina wachikulire amene amapalasa njinga Lamlungu lililonse. Nditamufotokozera za Ababa anagwira pakamwa. Anandiuza izi, ndipo ndazilemba monga ananenera.

Munthu akapitirira zaka 60, mphamvu ya m'miyendo sikula tsiku limene akupalasa, imakula tsiku limene wapuma. Wachinyamata akagona kamodzi wachira, koma wamkulu amafuna masiku awiri. Choncho tsiku la ntchito yolemetsa lisatsatane ndi linzake. Pa sabata apume masiku awiri athunthu, njinga osaikhudza. Masana azigona ola limodzi miyendo ataikweza. Akangotsika panjinga amwe madzi, adye nsomba kapena nyemba, osathamangira mowa wa sura. Akayamba kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kapena mtima ukamathamanga m'mawa asanadzuke, ndiye kuti thupi lakana, aleke. Sabata ya ukwati azingozungulira pang'ono.

Ine ndikawalembera zimenezi adzati mwana wanga wandiyesa nkhalamba, ndipo adzawonjezera thumba lachiwiri. Inu muwauze ngati nzeru zanu, kapena ngati munamva pa wailesi. Munafika kusekondale, munali kalaliki, ndipo amakumverani ngakhale savomera pamaso panu. Chonde musachedwe.

Mwana wanu,
Vinda

Namuinho, 26 Juni 2003

Vinda mwana wanga,

Moni. Msana ulipo, sunapite kulikonse. Nkhuku zinatsala zitatu, ndipo zitatuzo ndi zija sindinkazikonda.

Za makilo ndawauza. Anakondwa, anatsanulira mpunga m'thumba lalikulu mpaka sikelo ya kumsika inavomera, kenaka anawonjezeramo mbale zinayi chifukwa akuti diresi la ukwati nalo limalemera. Thumbalo tsopano lili ndi dzina pa siteji, akulitcha Dona Vinda. Anzathu amalivulira zipewa likamadutsa, ndipo a Sulemane anafunsa ngati lili ndi chibwenzi kale.

Zinazo sindinawauze. Ukuwadziwa akulu anga. Munthu amene amati kukhala pansi masana ndi matenda sungamuyambe ndi nkhani yokweza miyendo popanda kusankha tsiku. Ukudziwanso zimene timakhulupirira pa siteji, kuti kabaza akajomba tsiku limodzi miyendo imazizira, ndipo ya munthu wamkulu ikazizira sitenthanso. Ndi chifukwa chake ngakhale wodwala malungo amabwera kudzazungulira msika kamodzi asanakagone.

Ndiye ndaganiza zoyamba ndayesa ndekha nzeru za dokotala wakoyo, kuti zikakhala zakupha ziphe ine wopanda mwana. Lachitatu ndi Lamlungu ndikumagona. Masiku oyamba ndinkachita manyazi, ndinkatseka chitseko kuti anthu aziti ndachoka. Koma sabata yachitatu ino ndanyamula mayi wogulitsa nkhanu ndi dengu lake kuchokera ku Chuabo Dembe mpaka kumsika, ndipo pofika ndinali ndi mpweya wokwanira kukangana naye. Dokotala wako si wopusa.

Dzulo ndinadutsa pa sukulu yako ya pulayimale. Mtengo wa mango wa pachipata uja anaudula. Sindikudziwa ngati ukukumbuka kuti zaka zisanu ndi chimodzi, pamene bambo ako ankagona m'njira ya ku Mocuba ndi kokonati zawo, amene ankakutula pachipata chimenecho popita ku ofesi ndine. Unkandilakatulira matebulo a masamu njira yonse, ndipo pa seveni pokha unkandinamiza. Phazi langa silinagundepo pansi iwe uli kumbuyo, ngakhale m'matope a Febuluwale. Sindikunena kanthu, ndangokumbuka.

Ndiwauza ndikapeza mpata. Undilembere za Zacarias. Amadziwa kupalasa, kapena ndi mwana wa m'magalimoto?

Bambo ako aang'ono,
Amândio

Namuinho, 6 Julayi 2003

Benvinda,

Moni. Amayi ako ali bwino. Ine ndili bwino kuposa onse, usamve za anthu.

Ndikufunsa funso limodzi. Unamutumizira chiyani Amândio? Dalaivala anamupatsa envulopu yonenepa, ine osandipatsa kanthu. Makilo a mwana wanga ndinawamva m'kamwa mwa mng'ono wanga, pagulu. Ndinaseka nawo, koma kunyumba sindinadye.

Kuyambira sabata imeneyo munthuyu wasintha. Lachitatu ndi Lamlungu saoneka pa siteji, amadzitsekera m'nyumba. Ndinasuzumira pazenera. Ndinamuona ali chagada, miyendo ili m'mwamba pakhoma ngati nkhuku yakufa, kapepala kali pachifuwa. M'mawa mwake amatuluka ngati wabadwanso. Dzana anandipitirira pa mchenga wa pa kamlatho atanyamula munthu, akuimba mluzu. Amândio yemweyu, amene zaka zonsezi ndakhala ndikumudikirira pa mphambano kuti apeze mpweya.

Ndipo wasoketsa khushoni yatsopano yoyera. Kabaza sasoketsa khushoni yoyera, imada tsiku limodzi. Ndikudziwa amene akufuna kudzakhazikapo.

Ngati ndi mapilitsi a kuchipatala kwanu, bwanji iye, osati ine? Ngati ukufuna adzakutenge iyeyo, nena. Ndikudziwa kuti ankakuperekeza kusukulu, amatikumbutsa chaka chilichonse. Koma pamene iye ankakuyendetsa pa msewu wosalala atavala taye, ine ndinali ku Mocuba kukoka kokonati kuti ukhale ndi yunifolomu yovala pa njinga yakeyo. Iwe sunkandiona, ndiye mwina sizikuwerengeka.

Ine sindigonja. Tsopano ndikupita ku Coalane ndi thumba kawiri pa tsiku, m'mawa ndisanayambe ntchito ndi madzulo ndikaweruka, ndipo ndamangirirapo njerwa ziwiri. Lamlungu ndimalowa Misa yoyamba kuti ndipeze nthawi. Tulo sitikubwera, koma ndi maganizo chabe. Amayi ako akuti ndasanduka wolusa, dzulo ndinakalipira mbuzi. Miyendo ikulemera, ndiye kuti ikufuna ntchito yochuluka.

Yankha msanga, ndipo uyankhe ine.

Bambo ako amene anakubereka,
Gervásio

Beira, 12 Julayi 2003

Ababa,

Moni, koma mtima wanga suli m'malo. Lekani lero lomwe. Tsitsani thumbalo ndi njerwa zake.

Mapilitsi palibe. Mu envulopu muja munali malangizo a dokotala, ndipo anali anu. Ndinapempha bambo aang'ono kuti akuuzeni iwo, chifukwa ndinkaopa kuti mukawamva kwa ine mukwiya. Anandilonjeza kuti akuuzani. Auzeni akupatseni pepalalo muwerenge nokha. Chimene chawasintha ndi kupuma basi. Kusowa tulo, ukali ndi miyendo yolemera zonse zalembedwa mmenemo, ndipo si maganizo.

Wodzanditenga ndinu. Sindinaganizepo za wina. Ndikukumbuka bwino kuti munkabwera ku Mocuba mapazi atang'ambika, Amayi n'kumakutenthetserani madzi. Ndinkakuonani.

Ndiuzeni msanga kuti mwaleka.

Mwana wanu,
Benvinda

Namuinho, 25 Julayi 2003

Vinda mwanangu,

Moni. Ndine amayi ako. Ukhululuke zilembozi, magalasi anga anathyoka mwendo umodzi. Kodi diresi atha kusoka?

Kalata yako ya pa 12 yafika dzana. Lole inakhala masiku ambiri ku Caia kudikira chombo chowolotsa magalimoto pa Zambezi. Ikanafika nthawi yake bwenzi ndikulemba zina.

Lachisanu la sabata yatha bambo ako anagwa pa mchenga uja. Palibe chinawagunda. Akuti anangoona mdima, miyendo n'kukana. Thumba linawapsinja bondo lamanzere. Anawabweretsa amayi awiri ochokera kumunda, wina atawagwira m'khwapa, wina akukankha njinga. Kuchipatala anati fupa lili bwino, mtima ulibe vuto lalikulu, koma thupi latheratu. Bondo linatupa ngati papaya.

Alamu a Amândio anabwera m'mawa mwake ndi phava la nthochi. Anakhala pakhonde ola lathunthu akunena za matayala oipa amene abwera kumsika. Za pepala sanatchule.

Kalata yako itafika ndinawawerengera bambo ako ali pamphasa. Ine ndinamanga chitenje n'kupita kwa alamu. Linali Lachitatu, ndiye ndinawapeza monga ukuganizira, miyendo ili pakhoma. Ndinangotambasula dzanja. Anatulutsa pepalalo m'thumba la malaya, litafewa ngati nsalu chifukwa chowerengedwa. Anati ankadikira tsiku labwino. Ndinawauza kuti m'masabata asanu ndi awiri muli masiku ambiri, ndipo limodzi mwa masikuwo akulu awo anagona mumchenga thumba lili pamwamba. Anayang'ana pansi, kenaka anati, "Alamu, ine ndilibe wina woti ndidzamunyamule."

Ndinapita nditakonzeka kulalata mpaka mudzi wonse umve, koma ndinangotenga pepalalo. Ukudziwa kuti malemu Joaquina, mkazi wawo, anawasiya opanda mwana. Komabe sindinawakhululukire, ndipo nthochi zimene zinatsala ndinawabwezera.

Bambo ako anawerenga pepalalo kawiri, chala chikutsata mizere. Ndinkayembekeza kuti atukwana. Anangofunsa kuti, "Páscoa, ndiye munthu ujayu wakhala akundipitirira ndi tulo?" Ndinati inde. Kenaka anati ndiwabweretsere mtsamiro waukulu, uja wa alendo.

Tcheni cha njinga ndachichotsa, chili kumene ndikudziwa ndekha. A Sulemane anabwera dzulo kudzanena kuti siteji ikhoza kufewetsa lamulo, bambo ako adzangokutenga kuchokera pa mphambano ya ku Coalane. Bambo ako anawathamangitsa ndi ndodo ali chigonere. Ndiye zikhala monga mwa lamulo. Bondo likapanda kuphwa, kapena likadzawakana panjira, udzatsikira pa njinga ya alamu anthu onse akuona, ndipo sindikudziwa kuti abale awiriwa adzakhala bwanji mudzi umodzi.

Masabata atatu atsala. Upemphere, ndipo usanenepe.

Amayi ako,
Páscoa

Beira, 31 Julayi 2003

A Amândio,

Moni. Za msana wanu sindikufunsa, ndamva kuti uli bwino kwambiri.

Amayi andilembera zonse. Ndinakupatsani bambo anga m'manja, inu n'kuwaika m'thumba la malaya.

Za kusukulu ndikukumbuka. Ndikukumbuka mango aja, ndi tsiku limene munavula jekete n'kundifunda mvula itatipeza. Simunafunikire kundikumbutsa. Chifukwa cha zimenezo ndinali nditakonza kuti inu mudzakhale mboni yanga, mudzaime pambali panga kuguwa, mudzasaine m'buku la tchalitchi ndi dzanja lanu lokongola lija. Zacarias anavomera kalekale. Ndinkafuna kudzakuuzani pamaso kuti ndione nkhope yanu. Tsopano ndalembera a Sulemane kuti adzasaine iwo, ngakhale amalemba ngati nkhuku yapalasa.

Pa 16 mudzayenda kumbuyo kwathu chifukwa lamulo si langa. Koma dziwani kuti phazi la Ababa likadzagunda pansi, ndidzakwera njinga yanu chifukwa cha ulemu wa siteji, ndipo njira yonse sindidzakugwirani.

Ngati muli ndi chonena, kanenedwe kwa akulu anu.

Benvinda

Namuinho, 5 Ogasiti 2003

Mwana wanga,

Moni. Ndikulemba ndili chagada, ndi chifukwa chake zilembo zikupendama. Kalata yako ndinaimva. Za madzi otentha zija sindinkadziwa kuti unkaona.

Ndikupuma. Amândio amapuma masiku awiri pa sabata, ine ndinapuma masabata awiri otsatizana. Pepala likuti ola limodzi masana, ine ndimagona awiri. Iye amakweza miyendo pakhoma ladothi, ine amayi ako andikhomera thabwa. Tione amene angapume kuposa mnzake.

Si ntchito yophweka. Kunyamula munthu n'kosavuta kusiyana ndi kumva anzako akudutsa m'mawa iwe uli pamphasa. Ndimadziwa belu la aliyense. La Amândio limalira kawiri pakhomo pathu, kaya ndi moni kaya ndi chipongwe. Sindiyankha.

Bondo laphwa. Loweruka amayi ako anabweza tcheni, chinali m'nkhokwe ya mpunga. Ndinapita mpaka pa kamlatho n'kubwerera, wopanda thumba. Ndikuuza iwe wekha, miyendo sinazizire. Inali yopepuka ngati ya munthu wina. Zaka zonsezi takhala tikunamizana pa siteji, ndipo sindikudziwa anayambitsa ndani. Mawa ndinyamula amayi ako mpaka ku Coalane, kenaka ndipumenso masiku awiri. Iwo ndi olemera kuposa iwe, ndiponso amalankhula.

Dokotala wakoyo umuthokoze. Koma tsiku lina ukadzakhala ndi mawu a ine, udzandiuze ine. Ndidzakwiya, koma udzakhala mkwiyo wanga, osati wobwereka kwa wina.

Amândio sindinalankhule naye. Adzayenda kumbuyo kwathu ndi khushoni yakeyo. Iwe pa tsikulo usadzacheuke.

Bambo ako,
Gervásio

Namuinho, 24 Ogasiti 2003

Vinda mwana wanga, ngati ndikuloledwabe kukutcha choncho,

Moni kwa iwe ndi Zacarias. Ndikhulupirira munawoloka bwino ku Caia. Kodi nyumba yatsopanoyo ikudontha monga unkaopera?

Kalata yako ya pa 31 Julayi sindinaiyankhe chifukwa munalibe funso. Pa ukwati unandipatsa dzanja, nkhope n'kupatsa khoma. Sindikudandaula. A Sulemane anasaina bwino, anangolumpha mzere umodzi. Ndikulemba kuti ndikuuze zinthu ziwiri zimene sunazione, china chifukwa sunacheuke, china chifukwa unali utapita.

Choyamba ndi ichi. Kuchokera kunyumba mpaka ku Coalane diresi lako sindinalione, mabelu sindinawamve. Ndinkayang'ana phazi lamanzere la bambo ako. Pa mchenga paja njinga itagwedera, iwe n'kugwira malaya awo, phazilo linachoka pa pedulo, linatsika mpaka kutsala chikhatho chimodzi kuti ligunde. Ndinapemphera kuti ligunde. Ndikukuuza kuti usandiyese munthu wabwino amene anangochedwa ndi pepala. Ndinkadziwa chimene ndikuchita kuyambira tsiku limene ndinatsegula envulopu. Phazilo linabwerera pa pedulo, ndipo ndinaliza belu pamodzi ndi onse chifukwa a Sulemane ankandiyang'ana.

Nsanjeyo sinathe, ndisakunamize. Pa siteji akusimba za phazi limenelo m'mawa ndi masana, ndipo tsiku lililonse likutsikirako pang'ono. Dzulo linatsala chala chimodzi. Ine ndimamvetsera ndikupukuta masipoko.

Chachiwiri palibe amene adzasimbe. Misa itatha unakwera galimoto yoyera ija kupita kumadyerero m'tauni, akabaza onse akutsatira. Utafunsa za bambo ako, amayi ako anakuuza kuti atsogola kunyumba kukagona monga dokotala ananenera. Amayi ako ankakhulupirira zimene ananenazo, chifukwa ndi zimene bambo ako anawauza. Koma ine pochoka ndinaona njinga yawo idakali yotsamira pakhoma la tchalitchi, ndiye ndinabwerera.

Ndinawapeza kuseri, atakhala pa sitepe, nsapato atavula, bondo litatupanso. Atandiona anayesa kuimirira, n'kukhalanso. Ndinakhala pa sitepe ya m'munsi. Tinatha kanthawi tikuyang'ana nyerere.

Ndinati ndikaitane galimoto. Anati akakwera galimoto ya apongozi tsiku lomwelo, ndi chimodzimodzi kuti phazi lagunda. Ndinati ndiye njira yatsala imodzi, n'kuloza kaliyala yanga. Ukudziwa kuti kabaza sakwera kumbuyo kwa kabaza mnzake pokhapokha akupita naye kuchipatala ali chikomokere. Wokwera ali maso amasekedwa mpaka tsiku la maliro ake, ndipo pamalirowo wina amakumbutsabe. Anayang'ana khushoni yoyera ija nthawi yaitali.

"Unasokera mwana wanga imeneyi," anatero.

Ndinavomera.

"Yayera mopusa. Tidzere ya m'kokonati, kumsewu kuli anthu."

Njinga yawo tinaisiya kwa mlonda wa tchalitchi, tinati yaphulika tayala. Anakwera, koma sanandigwire, anagwira kunsi kwa chishalo. Anandiuza kuti ndimapalasa ndi zidendene ngati kalaliki, kuti tcheni changa chauma, ndiponso kuti ndikanakhala ine pa mchenga paja bwenzi iwe uli m'ngalande ndi maluwa ako. Ndinayamba kunena za pepala. Anati ndiyang'ane njira.

Titapitirira madimba a mpunga mawu anayamba kuchepa. Kenaka ndinamva mutu wawo ukutsamira pamsana panga, dzanja n'kundizinga m'chiuno. Anagona, Vinda. Masana dzuwa likuswa mtengo, pa njinga ya munthu amene anawalakwira. Ndinagwira dzanja lawolo ndi langa lamanzere kuti asatsetsereke, n'kumawongolera ndi limodzi.

Njira ya m'kokonati ili ndi mizu ndi mchenga, ndipo munthu akagona amalemera kawiri. Ndinadziwa kuti ndikangoima adzuka, ndipo akadzuka akumbukira amene wawanyamula. Titafika pa mphambano ya kwathu anali akuliza mkonono. Ndinapitirira. Ndinatsata kanjira ka kumanda mpaka ku chitsime cha kumapeto, n'kuzungulira, n'kubwerera pang'onopang'ono, ndipo pofika pa mphambano paja ndinapitiriranso. Anthu awiri kapena atatu anationa, koma anali alimi, si a pa siteji.

Anadzuka okha dzuwa litapendeka, tili pafupi ndi nyumba. Anatsika, anayang'ana kumwamba, anayang'ananso malaya anga amene anali atanyowa mpaka m'chiuno. Akulu anga si opusa, njira imeneyo amaidziwa kutalika kwake kuposa ine.

"Ola limodzi lasanduka atatu," anatero. "Ndinkadziwa kuti ulibe mphamvu."

Ndinavomera.

Bambo ako aang'ono,
Amândio